Chimbale cha ku Chikanda

Namondwe wa Freddy atangodutsa mu Malichi 2023, msuweni wanga anandiimbira foni ali kumsasa, pasukulu ina ya pulayimale kumene anthu akwathu anathawira madzi. Titatha kuwerengana kuti wapulumuka ndani ndipo sakuoneka ndani, anandipempha kanthu kamene sindinkakayembekezera. Anati kumsasako usiku umatalika, achinyamata amangokhala duu m'makonde a makalasi, koma mnyamata wina ali ndi kasipika kotchajira padzuwa, ndiye ndimutumizireko nyimbo zija ndinaimba ndili kukoleji, zija za madzi. Ndinavomera msangamsanga, poti munthu ali pamavuto sum'funsa zambiri. Koma foni itaduka, chala chinakana kutumiza. Nyimbozo zinali momwemo m'foni, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinaziimba ndi mtima wanga wonse ndipo mpaka lero ndimazikonda. Komabe kungoganiza kuti zikalira pakati pa anthu ogona pasimenti zovala zili zonyowa kunandikhalitsa pansi mtima uli m'mwamba. Bwanji nyimbo zonena za iwo ndikuopa kuti iwowo azimve? Funso limeneli sindinalithe tsiku lomwelo, ndipo mpaka pano ndikulitembenuzabe.

Chimbalecho tinachijambula mu 2015 ku Chikanda, ku Zomba, kumene ophunzira ambiri a ku Chancellor College ankachita lendi. Situdiyo yake inali chipinda chathu chogona. Laputopu inali ya mnzanga wogona naye, amene anadziphunzitsa yekha FL Studio. Maikolofoni tinabwereka kwa mkulu wina wa kwaya, n'kuiveka sokosi kuti mpweya wapakamwa usamaphulike m'mawu. Matiresi tinkaimika pazenera, bulangete n'kupachika pachingwe choyanikapo zovala, ine n'kulowa m'katimo ndi gitala, thukuta lili kamukamu. Masana kunalibe kujambula, chifukwa ku Chikanda sikukhala zii: ana pabwalo, wailesi za aneba, ndowa zikugundana pampopi, wina akuyeserera ulaliki kuseri kwa khoma. Tinkadikira kuti anthu agone, ndiye nthawi inkakhala yochepa, poti tambala wa eni nyumba sankachedwa kulira. Magetsi akazima tinkapikisana ndi batire, mnzangayo maso ali pakona ya sikirini, ine ndikufulumira kumaliza ndime. Nyimbo ina inagweredwa mvula ya pamalata ili m'kati. Tinafuna kuibwereza, koma mmene mawu anatulukira usiku umenewo sanatulukenso chimodzimodzi, ndiye tinaisiya ndi mvula yake. Panalibe amene anatituma, panalibe malikisi, panalibenso ndalama yoti tidzapeze. Ndinkangodziwa kuti ndikapanda kuimba, tulo sitibwera.

Chimene chinatidyera nthawi kwambiri ndi valimba. Kwathu ku Makhanga, kwa Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, ndinakula ndikumva valimba ikulira usiku kuchokera midzi yakutali, ndipo ndinkafuna kuti chimbalecho chikangoyamba, munthu wa kuchigwa adziwe kuti wafika. Mu kompyutamo munali kulira kwa marimba, koyera bwino, kosalala, koma sikunali kwathu. Valimba ili ndi kunjenjemera kwake. Pansi pa matabwa amamangirira zipanda zoboola, ndipo pabowopo amamatapo kachinthu kopyapyala ka nyumba ya kangaude, kamene kamanjenjemera liwu likamatuluka. Tinayesa izi ndi izo, osatheka. Mapeto ake mnzanga anang'amba kajumbo, n'kukamangirira mosakungitsa kukamwa kwa sipika, n'kuliza marimba a mu kompyuta aja, ife n'kujambulanso ndi maikolofoni zimene zinkatulukazo. Kajumboko katayamba kunjenjemera, thupi langa linachita tsembwe. Sinali valimba yeniyeni, ndipo katswiri wake akanaizindikira pa liwu loyamba, koma inandifikitsa pafupi ndi bwalo la kwathu kuposa chilichonse chimene ndinamva chibwerereni ku Zomba. Ndimabwererabwerera ku usiku umenewo chifukwa umandionetsa chimene ndinkachita. Ndinkamanga kwathu ndi zimene zinali pafupi ndi dzanja, ndili kutali, popanda wakwathu woti andiuze ngati ndalondola.

Pajatu madzi atabwera, ine kunalibe. Mu Januwale 2015 mvula inagwa masiku otsatizana osakata, ndipo mtsinje wa Ruo, umene umatsika kuchokera kuphiri la Mulanje n'kumalekanitsa Malawi ndi Mozambique, unasiya njira yake n'kudzilambulira ina pakati pa midzi ndi minda. Ku Makhanga kunasanduka chilumba. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti m'maboma 15 mwagwa ngozi yadzidzidzi, ndipo anthu pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Ine zonsezi ndinazimva pawailesi ndi pafoni, ndili pabedi louma. Foni ya amayi inasiya kupezeka. Ya achimwene inalira kamodzi, mawu ali odukaduka, n'kuzima. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva mmene amayi ndi agogo anachezera pachulu usiku wonse, mmene achimwene ananyamulira ana awo paphewa madzi akulekeza m'chifuwa, mmene mbuzi zinapitira zili pachingwe, ndiponso mmene maboti a asilikali anadzawatengera. Nkhani zimenezi ndinazimeza zonse, ndipo potuluka m'nyimbo zinatuluka ngati wochezera pachulupo ndinali ine. Sindinachite kukonza kuti zikhale choncho. Nyumba inagwayo ndi imene ndinabadwiramo, ndipo chisoni changa chinali chenicheni. Koma munthu amene madzi anamufika m'khosi ndi amene anangomva ndi anthu awiri osiyana, ndipo gitala satha kuwasiyanitsa.

Patchuthi ndinatenga chimbalecho pamemore khadi kupita nacho kumene abale anali atasamukira, kumtunda, m'munsi mwa mapiri a Thyolo. Madzulo ena amayi akupeta, ndinaika foni pamphasa n'kutsegula. Anamvera nyimbo zonse osandidula. Itatha yomaliza anati, "Mawu akowa ndi a malemu bambo ako enieni." Anapeta pang'ono, kenako anati, "Koma mwanawe, watilira maliro tili moyo bwanji? Ife mwezi ukubwerawu tikutsikira kudimba. Waona matope amene madzi asiya? Chimanga cha chaka chino sichifuna feteleza." Sanalankhule mokalipa. Ankandifotokozera modekha, zinthu zimene mwana wa kuchigwa sayenera kuchita kufotokozeredwa. Ndinati, "Amayi, nyumba inapita, mitengo inapita, ngakhale njira ya kuchitsime kulibenso." Iwo anati nyumba ndi dothi ndi udzu, adzaumba ina, koma munda ndiwo sunapite kulikonse. Ndinakhala chete foni ili m'manja. M'nyimbo zanga zonse kwathu kunali kutatha, kunali kwa dzulo, koti munthu n'kumangokukumbukira misozi ili m'maso. Kwa amayi kunali kwa mawa m'mawa, kofuna mbewu, kofuna khasu, kofuna munthu woti akalondere mvuu usiku chimanga chikayamba kukhwima.

Masiku amenewo pakhomo panali mkangano umene chimbale changa sichinaukhudze ngakhale pang'ono. Boma ndi mabungwe ankati anthu asamukiretu kumtunda, ndipo mawu amenewa amabwerezedwa chigumula chilichonse. Anthu a m'tauni akamva pawailesi kuti a kuchigwa abwereranso kumadzi amati n'kusamva, ena amati n'kukonda zolandira. Amene amatero sanadyepo chimanga chachiwisi mu Okutobala dziko lonse lili gwaa. Kudimba munthu amakolola kawiri, mbatata ndi nyemba sizisowa, mlamba ndi makakana zili pafupi, ndipo chaka cha njala amayi amalowa m'dambo kukazula nyika. Kumtunda kuli miyala, ndipo malo ali ndi eni ake. Wobwera amalima pobwereka kapena polipira, nyakwawa yobwera imakhala munthu wamba pamudzi wa inzake, ndipo manda a makolo amatsala kumunsi opanda wolambula. Amayi ankanena zimenezi. Achimwene ankangoyankha chimodzi, kuti iwo ana awo sadzawanyamulanso paphewa usiku, ndipo amene akufuna kutsika atsike yekha. Ankakangana mpaka nsima kuzizira. Ndikaganiza lero, pa awiriwo sindiona wolakwa. Ndimaona kuti nkhani yeniyeni ya kusamuka inali pamenepo, pakati pa mayi ndi mwana wake woyamba, aliyense akuteteza moyo wa banja lomwelo m'njira yotsutsana ndi ya mnzake. Kulira kumalowa bwino m'nyimbo ya mphindi zochepa. Mkangano wopanda wolakwa ndinalibe luso louimba, mwinanso ndinalibe makutu oumva.

Agogo, amayi awo a mayi anga, ankangomvetsera mkanganowo osaikapo mlomo. Kwa iwo uku kunali kuthawa kwachiwiri. Anawoloka kuchokera ku Mozambique, cha ku Morrumbala, mu 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika pamudzi pawo, ali ndi mayi anga amene panthawiyo anali namwali. Zaka zimenezo dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje kunali misasa ikuluikulu ngati wa Mankhokwe. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera, koma agogo anatsala chifukwa mwana wawo anali atakwatiwa kuno. Madzi a 2015 atangophwa ndinapita kukawaona kumsasa, ndipo ndinawajambula pafoni akusimba m'Chisena za ulendo woyamba uja. Kachigawo ka mawu awo ndinakaika koyambirira kwa nyimbo ina: usiku, mfuti kumbuyo, bwato lodzaza, mwana wa munthu atam'tseka pakamwa kuti asalire. Nyimboyo inkafuna zimenezo, ndipo aliyense woimva ankagwetsa nkhope. Koma agogo analankhula nthawi yaitali, ndipo za kuwolokazo anazidutsa mwachangu. Pamene anakhazikika ndi pa zimene zinatsatira: mmene analimira ganyu kwa mkazi wa nyakwawa mpaka kupatsidwa kandime, mmene anasinthanitsira nandolo wolandira ndi nkhuku yawo yoyamba, tsiku limene mayi wina wapamudzi anabwera kudzawapempha mchere. Apo anaseka, n'kunena kuti tsiku limenelo ndi limene anadziwa kuti si mlendonso, poti munthu sapempha mchere kwa mlendo. Agogo anatisiya, ndipo chimene ndimamvera kawirikawiri tsopano ndi mawu osadulawo, mmene muli kuseka, nkhuku ndi mchere.

Nanga ine ndinkalira chiyani m'kati mwa bulangete lija? Apa ndi pamene maganizo anga amazungulira nthawi yaitali. Madzi anachotsa amayi pamudzi mu 2015, koma ine ndinali nditachoka kale. Ndinachoka tsiku limene dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Anthu analuluta, amayi anapha nkhuku, ndinawoloka ndi sutikesi pabwato, poti chidukireni njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula mu 1997 ulendo wathu umayambira pamadzi. Kuchokera pamenepo kwathu kunakhala kwa patchuthi. M'manja munafewa. Chisena chinayamba kubisala, chifukwa ukachilankhula anzako ankakuyeserera mokuseka, ndipo pofika ku Zomba ndinali nditazolowera kuganiza m'Chichewa ndi kulemba m'Chingelezi. Joseph Tembo ndi Agorosso ankaimba m'Chisena pawailesi dziko lonse likumva, koma ine nyimbo zanga za kwathu ndinazilemba m'Chichewa, kuti anzanga a pakoleji amve. Kuchoka kwa mtundu umenewu kulibe maliro. Palibe amene amapepesa mwana wokhoza mayeso, ndipo iyenso sangadandaule, poti akudya thukuta la amene anatsala. Chisonicho chimangokhala m'mimba, chosowa potulukira. Madzi atabwera, ndinapeza chifukwa chomveka cholirira poyera. Ndikamvetsera bwino chimbalecho, munthu amene akuimbamo sakulira nyumba yogwa yokha ayi. Akulira chifukwa akudziwa kuti ngakhale nyumbayo ikanaima, iye sakanabwerera kudzakhalamo.

Nthawi ina ndinkaganiza kuti zikatero ndiye kuti chimbalecho n'chabodza, kuti ndinabwereka tsoka la abale kuti ndiimbire langa. Pano sindikuganiza choncho, ndipo chimene chinandibweza ndi kukumbukira anthu amene anachilandira. Sitinachigulitse. Chinayenda pa Bluetooth ndi pa WhatsApp, kuchoka m'foni kulowa m'foni, ndipo anthu anayamba kugogoda pachitseko chathu. Anabwera mtsikana wina wa ku Karonga amene nyumba ya kwawo inang'aluka ndi zivomezi za mu Disembala 2009 iye ali kwa achibale ku Lilongwe. Anabwera mnyamata wobadwira ku Zimbabwe, mdzukulu wa mtchona, amene kumeneko ankamutcha wobwera, ndipo atafika kumudzi kwa agogo ake ankamutchanso wobwera. Wina mchimwene wake anali atangotsika m'basi imene boma linatumiza kukatenga Amalawi othawa zipolowe za ku Durban mu Epulo 2015, atabwerako ndi chikwama chimodzi, akusowa poyang'ana abale. Tinkakhala pamatiresi omwe aja, tiyi wopanda mkaka ali m'manja, aliyense akunena za kwawo. Panalibe mmodzi wa ife amene anali ndi ganizo lokakhazikikanso kumudzi. Tonse tinkawerenga usiku kuti tidzapeze ntchito ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo tonse tinkadziwa mumtima kuti tili ndi ngongole kwinakwake. Kwa anthu amenewo nyimbozo zinkanena zoona. Chinali chimbale cha ochoka, choimbidwa ndi wochoka, ndipo chinapeza eni ake. Akulu amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mwambiwu tinkaudziwa, koma tinali titalowa kale m'thengomo, ndipo makolo omwewo ndi amene anatilipirira ulendo.

Chinanso chimene ndachiona zaka zitapita n'chakuti chimbalecho pachokha sichinabise pamene ndinaima. Tikanakhala ndi ndalama zolowera mu situdiyo yeniyeni ku Blantyre, makoma ake akanameza phokoso lonse, n'kutsala mawu anga okha akunena za Ruo ngati ndili m'mphepete mwake. Koma bulangete silitchinga zonse. Ukavala mahedifoni umamva galu wa ku Chikanda kumapeto kwa nyimbo ina, chitseko cha aneba, mnzanga akutsokomola, mvula ya ku Zomba pamalata a eni ake, tambala uja. Nthawi imeneyo tinkalimbana nazo kuti tizichotse, koma zinakanika. Lero ndi zimene zimachitira umboni: mawu akuti kuchigwa, koma chipinda chikuti kuno n'kuphiri, woimbayu ndi walendi, mawa ali ndi kalasi. Nyimbo zambiri zimene Amalawi timazikonda zinayamba ndi banjo ndi ng'oma zopanga pamanja, ngati za Alan Namoko, ndipo ukazimva umadziwa kuti anaziimba anthu ali pamalo penapake, tsiku linalake. Ndikakumana ndi wophunzira amene akudandaula kuti alibe zipangizo zabwino, ndimamuuza kuti ajambule ndi zomwe ali nazozo, ndipo asafulumire kufufuta phokoso la pamene akukhala. Tsiku lina adzafuna kudziwa kuti anali pati pamene ankaimba.

Ndikuona kuti n'chifukwa chake chala chinakana. Kumsasa kuja kunali anthu amene sanachoke, amene madzi amawathamangitsa iwo n'kubwerera: namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, kenako wa Freddy amene anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala. Ndinkaopa kuti akamva nyimbozo amva zimene amayi anamva, mwana wawo akuwalira ali moyo, kapena amva chinachi, kuti woimbayo anatsanzika kalekale. Ndinatumizabe. Nyimbo ikatuluka m'kamwa si yakonso, ndipo amene nkhani yake ili m'katimo ndi woyenera kuimva, kuikonda kapena kuikana. Patapita masiku msuweni uja anandiuza mmene zinayendera. Nyimbo zodekha achinyamata ankazidumpha. Ya valimba ya kajumbo ija anaivina mpaka batire kutha. Amayi achikulire ndiwo ankapempha mobwerezabwereza kachigawo ka mawu a agogo. Nkhani ya mfuti ndi bwato sinali yachilendo kwa iwo, poti ambiri ali nayo yawoyawo. Ankawadziwa agogowo, ankatsika nawo kudimba, ndipo ankafuna kumvanso mmene ankakokera mawu polankhula. Anthuwo anatengamo zimene ankafuna, zina n'kuzisiya, monga amachitira mayi posankha ndiwo zimene mwana wathyola mosadziwa. Palibe amene anakwiya, palibenso amene anadziona kuti waimbidwa. Anazilandira ngati nyimbo za mwana wa uje amene ali kutauni, ndipo n'zimene zili.

Freddy sanasiye matope okha. M'malo ambiri anasiya mchenga, ndipo malire a minda, amene kwathu amadziwika ndi mtengo wa mango, chulu kapena mzere wa nthochi, anafafanizika. Madzi akaphwa, chotsatira chimakhala milandu. Patapita miyezi amayi anandiimbira. Banja lina loyandikana nafe linali litalima kulowa m'ndime ya malemu bambo, likunena kuti malire ndi amenewo chikhalire. Kwathu munda umayenda ndi ana aamuna, ndipo amayi, ngakhale alima ndimeyo zaka zonsezi, pabwalo ena amawakumbutsabe kuti anachokera kutsidya. Achimwene anakana kutsika. Anati analumbira, ndipo mawu awo sabweza. "Ndiye watsala iwe," anatero amayi. "Ubwere udzaime m'malo mwa bambo ako." Sanafunse ngati ndili ndi mpata. Akamafuna ndalama ya mbewu kapena ya malata amachita kuzungulira, kuyamba n'kufunsa za thanzi langa ndi za kuntchito, n'kupepesa kuti akundivutitsa. Apa sanazungulire. Anangondiuza ntchito yanga, tsiku lake, ndi kuti ndisavale nsapato zoopa matope.

Ndinapita. Pabwalo anyakwawa anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kundifunsa m'Chisena ngati mwana wa kutauni angadziwe malire a munda. Ndinayankha m'Chisena chomwecho, chopunthwapunthwa, ena akumwetulira. Tinatsikira kudimba gulu lonse. Mango kunalibe, nthochi kunalibe, koma mtumbira wa njanji yakale unalipo, ndipo ndinakumbuka pamene ndinkatsikira ndili mwana popititsa phala kwa bambo, n'kulunjika kumene dzuwa limalowera mpaka pachitsa china chachikulu. Ndinaloza pamene ndinkakhulupirira, a banja linalo analoza pena. Tinakumba mchenga kufuna chitsacho, osachipeza. Kunali kukweza mawu, kutchulana mayina a akufa, mayi wina n'kundinena kuti ndabwera ndi nzeru za m'mabuku kudzalanda za amphawi. Palibe cha tsiku limenelo chimene chikanakoma m'nyimbo. Koma pamene ndinkakanganapo, dzuwa la kuchigwa likuwotcha paliwombo, ndinali wa pamalopo kuposa mmene ndinakhalirapo chichokereni, chifukwa mlendo anthu amangom'patsa mpando, sakangana naye malire. M'chipinda cha ku Chikanda ndinkayesa kuti kwathu ndi kumene mtima ukulakalaka. Kwathu kotero kulipo ndithu, ndipo ndinakuimba mmene ndinathera. Koma kuli kwathu kwina kumene sikufunsa ngati ukukulakalaka kapena ayi, kumangokuwerengera pa anthu ake n'kukuitana pakagwa nkhani. Mlanduwo sunathe. Anyakwawa anati tidikire mboni ina yachikulire imene inasamukira kumtunda, ndipo tsiku likadziwika ana a mwini munda adzapezekepo. Kuntchito ndawauziratu kuti ndidzapempha tchuthi, ndipo ndikulimbana ndi achimwene pafoni kuti ulendo uno titsikire limodzi.